Sindimulandanso Foni Vilja

Iisalmi,
Lamulungu, 27 Julaye 2003

Okondedwa achimwene a Veikko,

Kalata yanu inafika Lachitatu. Ndinayiwerenga koyamba nditaima pa bokosi la makalata, kachiwiri ndikumwa khofi, ndipo kachitatu ndinali nditapsa kale mtima. Ndinadikira kuti mtimawo uzizire ndisanagwire cholembera, chifukwa ndinu wamkulu kwa ine ndipo sindinakuyankhenipo mwachipongwe chibadwire. Lero mtima wazizira, koma yankho silinasinthe. Ndakana, achimwene.

Mwalemba kuti simudzabwera kudzasanjika dzanja pamutu pa Vilja tsiku la ulimbitso wake pokhapokha ndichite zinthu ziwiri: ndimulande foni mpaka Khirisimasi, ndiponso ndimukakamize kukulemberani kalata yopepesa, ya papepala, ndi dzanja lake. Mwati mboni ya ubatizo siingaime kuguwa kumbuyo kwa mwana amene anathamangitsidwa ku msasa wa ulimbitso chifukwa chokonda foni kuposa Mulungu. Zonse ziwirizo sindichita. Koma popeza inu ndi amene munamunyamula pobatizidwa, ndipo tikiti ya ndege yochokera kwanu ku Thunder Bay munagula kale mu Marichi, muyenera kumva nkhani yonse, osati chidutswa chimene amayi anakuuzani pa foni. Khalani pansi, kalatayi italika.

Kunoko tili bwino. Kwatentha kwambiri chaka chino, sitiroberi zapsa msanga, ndipo bondo la amayi lasiyako kuvuta kuyambira pamene anayamba kusambira m'mawa uliwonse.

Ndiyambe ndi kuvomera pamene mwalondola. Vilja amalemba mameseji mopitirira muyeso. Tsiku lina Loweruka ndinawerengera dala: kuchokera pa chakudya cham'mawa mpaka chamadzulo foni yake inalira ka 63. Amalemba akudya, akuyenda, akutsuka mano. Amatha kulemba foni ili m'thumba la jekete, maso ali pa iwe, mutu ukugwedezeka ngati akumva zimene ukunena. Ndipo musaganize kuti ndi nkhani zolemera. "Uli kuti?" "M'basi." "Inenso." Onse awiri ali m'basi imodzi, wina kutsogolo wina kumbuyo. Nthawi zina salembanso chilichonse, amangofulashana, foni kulira kamodzi n'kudula. Ndinamufunsa tanthauzo lake, anati, "Ndiye kuti Miisa wandikumbuka." Miisa ndi mnzake wa ponda apa nane mpondepo, ndipo amakhala nyumba yachitatu kuchokera pathu pano.

Mu Meyi tinakadya kwa amayi. Vilja anazyolika, manja ali pansi pa tebulo, ndipo amayi anasangalala poganiza kuti mdzukulu wawo akupempherera chakudya. Atamva kulira kwa foni anakwinya nkhope.

"Chala chimenecho chidzathothoka, mwana iwe."

"Agogo, inu mumaluka masokosi osayang'ana, uku mukuonera nkhani, uku mukukalipira nduna. Zala zanu zilipo zonse khumi."

"Ine ndikamaliza pamakhala sokosi. Iwe ukamaliza pamakhala chiyani?"

Ine ndinaseka, ndili kumbali ya amayi. Pajatu ine ndine mphunzitsi. M'kalasi mwanga muli kabati imene chaka chathachi ndinatsekeramo mafoni a ana a eni oposa makumi awiri, ndipo ndinkadzitama nazo. Choncho musandione ngati mayi wolekerera. Zimene mwandilamulazo ndinazichita kale inu musanalembe, ndipo ndikufuna mumve zimene zinatuluka.

Msasa wa mpingo wokonzekeretsa ana ulimbitso unayamba Lolemba pa 7 mwezi uno. Lamulo lake ndi lodziwika: tsiku loyamba mwana aliyense amaika foni m'bokosi, bokosilo n'kutsekeredwa mu ofesi mpaka sabata itatha. Vilja anaika yake limodzi ndi anzake. Chimene Abusa Rissanen sanadziwe n'chakuti anaika chikhungwa chokha. Simu khadi anali atachotsamo kale n'kuilowetsa m'foni yakale ya mlongo wake wa Miisa, imene anabisa m'jombo. Inu mwina simudziwa zimenezi: foni ndi nyumba chabe, mwini wake ndi kakhadiko, ndipo kakasamuka kamatenga nambala ndi mayina onse. Lachitatu, 4 koloko itangodutsa, mtsikana wina mwa atsogoleri achinyamata anamupeza kuseri kwa shedi ya nkhuni akuwerenga meseji. Anamutengera kwa abusa.

Abusa Rissanen ndi munthu wofatsa, sindiwanenera choipa. Anamufunsa kuti akulembera ndani, iye anakana kunena. Anamuuza kuti sabata imeneyi ndi ya Mulungu, ndipo aliyense wakunja angathe kudikira. Pamenepo ndi pamene ananena mawu amene amayi anakuuzani aja, ndipo ndi oona, anawanenadi: "Mulungu ali ndi nthawi yambiri, abusa. Amene ndikulemberayu alibe." Analandidwa foniyo. Pa nthawi ya chakudya chamadzulo, anzake ali m'chipinda chodyera, iye analowa mu ofesi kukaifufuza m'madirowa, ndipo anamupeza ali chigwadire. Lachinayi m'mawa anandiimbira kuti ndikamutenge.

Ulendo wobwerera ndi wa ola limodzi. Foni ija inali m'chikwama changa, chikwamacho pampando wakumbuyo.

"Ndi mnyamata?" ndinamufunsa.

"Ayi."

"Nanga ndani?"

"Sindinganene."

"Ndiye kuti ndi mnyamata."

"Amayi, ndibwerekeni mphindi imodzi yokha. Ikakwana 4 koloko. Inu muime pomwepo, muziona wotchi ngati mukufuna, bola osayang'ana zimene ndikulemba."

"Ngakhale theka la mphindi sulipeza. Wandichititsa manyazi pamaso pa mpingo wonse, ine mphunzitsi."

"Ndiye nkhani ndi manyazi anu."

"Nkhani ndi mwano wako."

Titafika ndinaitsekera m'dirowa ya m'chipinda changa, kiyi ndinaika m'thumba, ndipo ndinamuuza kuti satuluka pakhomo mpaka ine nditanena.

Tsopano ndikuuzeni chimene ndakhala ndikubisirani inu ndi amayi kwa miyezi isanu ndi umodzi. Ndinakulemberani mu Januwale kuti alamu anu a Raimo apeza ntchito yabwino ku fakitale yocheka matabwa ku Kajaani, ndipo amabwera akapeza mpata. Za ntchitozo n'zoona. Za kubwerazo ndi bodza. Ndinawathamangitsa ine. Mowa unawonjeza kuyambira chaka chatha, ndipo tsiku lina mu Januwale anapita kukatenga Vilja kosewera mpira wamanja ataledzera, galimoto n'kukalowa m'mulu wa chipale chofewa cha nyengo yozizira m'mbali mwa msewu, mwana ali momwemo. Palibe anavulala. Ndinawalongedzera zovala m'zikwama ziwiri ndipo ndinawauza kuti asandiimbire. Anamvera. Anasinthanso nambala, ndipo ine yatsopanoyo sindinayifunse. Amayi akafunsa ndinkati, "Atanganidwa." Bodza limeneli ndinaliphunzira kwathu, mukulidziwa bwino, ndibwererako.

Anzake onse a Vilja anali akadali ku msasa opanda mafoni, choncho dirowa ija inali zii. Koma Lachinayi lomwelo, 4 koloko itapitirira pang'ono, inalira kamodzi. Vilja anali pakhonde, ndipo anaimva kudzera pawindo. Anadzaima pakhomo pa chipinda changa, manja atapinda. Ndinamuuza kuti akasende mbatatesi. Lachisanu m'mawa anandipempha kuti akwere basi akaone bambo ake ku Kajaani. Ndinati wolangidwa sapita kokacheza. Anandifunsa ngati nambala yatsopano ya bambo ake ndili nayo, ndinati ayi, ndipo ndinamuseka kuti ana a masiku ano ngakhale nambala ya kholo lawo sasunga pamutu. Ndaphunzitsa kwa zaka makumi awiri, achimwene, ntchito yanga ndi kuona pamene mwana akufunsa funso lina pobisa lina, koma tsiku limenelo sindinaone kanthu. Madzulo ake, nthawi yomwe ija, foni inaliranso. Loweruka siinalire. Ndinati mumtima, watopa mnyamata uja, chikondi cha pa foni ndi chomwecho.

Lamulungu m'mawa, Vilja ali kosamba, ndinatsegula dirowa. Sindinamizira kuti ndinkafuna kuizimitsa. Ndinkafuna kudziwa dzina la mnyamatayo. Munali mameseji atatu, onse ochokera ku dzina limodzi: Madala. Ndi mmene amaitanira bambo ake.

Ya Lachitatu, imene anagwidwa akuwerenga asanayankhe: "Ndadutsa. 141."

Ya Lachinayi: "Ndadutsa. 142. Uli bwino?"

Ya Lachisanu: "Ndaima pakhomo pake. Vilja?"

Pambuyo pa imeneyo panalibe china.

Vilja anandipeza nditakhala pabedi foni ili m'manja. Sanakalipe. Anawerenga ya Lachisanu ija, anapita kuchipinda kwake, n'kubwera ndi kope la chikuto chofiira n'kundiponyera pamiyendo. Foni zimenezi zimasunga mameseji ochepa, zikadzaza uyenera kufufuta, choncho atsikanawa ali ndi chizolowezi chokopera m'kope mameseji amene sakufuna kutaya, ndi tsiku lake ndi ola lake. Ine ndinkaganiza kuti m'makope amenewo mumangokhala za anyamata. Ili linayambira mu Febuluwale.

Ndikufotokozereni mmene zinkayendera. A Raimo amaweruka 4 koloko. Kuchokera ku fakitale kupita kuchipinda chimene akuchita lendi, njira ndi imodzi, ndipo imadutsa pa sitolo ya mowa. Tsiku limene anaganiza zosiya, analembera mwana wawo mawu amodzi atangoipitirira sitoloyo: "Ndadutsa." Vilja anayankha kuti, "Limodzi." Mawa lake chimodzimodzi, "Awiri." Kenako a Raimo anayamba kuika okha nambala, ndipo Vilja ankayankha ndi chilichonse chimene chabwera m'mutu. Ndawerenga kope lonselo. Mulibe ulaliki. "Mwachita bwino madala. Aphunzitsi a masamu lero avala juzi yotembenuza, palibe wawauza." "Chongani. Kodi mwadya, kapena ndi buledi ndi khofi ngati dzulo?" "Tsiku la 60, ndinu dolo. Koma ndevu zija mumete, mukuoneka ngati mkaidi." Ngakhale masiku osagwira ntchito ankayenda dala mpaka pa sitolopo nthawi yomweyo, n'kudutsa, n'kulemba. Anamulonjezetsa kuti asandiuze mpaka masiku atakwana 180, chifukwa ankafuna kudzagogoda pakhomo panga ali ndi theka la chaka m'manja, osati malonjezo.

"Bwanji sunandiuze m'galimoto muja?" ndinamufunsa.

"Ndinalonjeza."

"Ukanangoti ndi bambo ako."

"Mukanafunsa chifukwa chake. Inu simusiya kufunsa, amayi, ndi ntchito yanu."

Kenako anati, "Kiyi wa galimoto ali kuti?"

Tinafika ku Kajaani cha m'ma 12 koloko. Vilja ankadziwa nyumbayo, ine ayi. A Raimo anatsegula chitseko atavala malaya a kuntchito a Lachisanu. Makatani anali otseka, ndipo mabotolo awiri opanda kanthu anali ataimikidwa bwinobwino pafupi ndi sinki, ngati munthu amene akuyembekeza oyendera. Ataona kuti ndabwera nawo, anagwira chitseko ndi manja awiri.

"Ndabwerera pa ziro," anatero, akuyang'ana mapazi a mwana wawo.

"Foni inalandidwa, madala. Sindinakutayeni."

"Ndinaganiza kuti watopa nane. Ndinati n'zomveka."

"Mumaganiza zopusa mukakhala nokha. Lero mwamwa?"

"Ayi. Zinatha dzulo."

"Ndiye lero ndi tsiku loyamba. Kasambeni, mukununkha ngati mbuzi."

Anapitadi kukasamba. Vilja anatsegula makatani, anatulutsa mabotolo, n'kuyamba kusaka mazira m'firiji ngati mayi wa pakhomo wa zaka makumi anayi. Ndinamuyang'ana ndipo mtima unandiwawa kawiri: koyamba chifukwa cha zimene ndinachita, kachiwiri poona mmene ntchitoyo anaizolowerera.

Musaganize kuti ndikuyamikira zonse. Atatha kudya ndinatuluka nawo a Raimo panja, tinakhala pa benchi, ndipo ndinawauza mosapsatira kuti mwana wa zaka khumi ndi zisanu si ndodo yoyendera. Sizoona kuti munthu wamkulu akoloweke moyo wake pa chala cha mtsikana, moti iye akalowa m'kalasi kapena batire ikatha, bambo ake agwe. Mukuwadziwa mmene alili, munthu wa mawu atatu pa ola.

"Sindikanatha kukuuzani inu pakamwa," anatero.

"Ndiye lembani. Foni ndili nayo inenso."

"Inu mumayankha mameseji?"

"Ndiphunzira."

Tinagwirizana kuti azipita ku gulu la anthu osiya mowa limene limakumana kawiri pa sabata kumeneko, ndipo akupitadi. Kumeneko apeza bambo wina wachikulire amene angathe kumuimbira zikavuta. Meseji ya 4 koloko ikadalipo, chifukwa Vilja anakana kuti ithe, koma tsopano imabwera pa mafoni awiri, yake ndi yanga, kuti wina akalephera wina ayankhe. Ya dzulo inati, "Ndadutsa. 14." Ine kulemba "Zikomo, pitirizani" kumanditengera mphindi zinayi, ndipo Vilja amaima kumbuyo kwanga n'kumati, "Amayi, mukulemba ngati mukupha nsikidzi." Ngati a Raimo adzabwerere pakhomo pano sindikudziwa, ndipo musandifunse panopa.

Mwalemba kuti mafoni amenewa akupha kulankhulana, kuti m'nthawi yathu anthu ankayang'anana m'maso. Achimwene, m'nyumba iti? Ine ndikukumbuka nyumba imene tinakuliramo. Ndikukumbuka bambo akupita ku shedi "kukanola nkhwangwa" Loweruka lililonse, ndi amayi akutiuza kuti, "Bambo anu atopa," uku akupukuta tebulo loyera kale. Ndikukumbuka inu, muli ndi zaka zomwe Vilja ali nazozi, mukuwakoka bambo m'chipale kuchokera ku shedi mpaka kukhitchini, manja anu ali m'khwapa mwawo, ine ndikugwira chitseko. Mawa lake tonse tinakhala patebulo kudya phala, tikuyang'anana m'maso monga mukunenera, ndipo palibe anatsegula pakamwa. Zaka zisanu ndi zinayi munawakoka chomwecho. Kenako munakwera ndege, ndipo kuyambira pamenepo tinkalandira makalata awiri pa chaka, onena za nyengo ndi mitengo ya nyumba. Sindikukudzudzulani. Munatopa, ndipo panalibe woti mumuuze. Koma nkhani imeneyi inu ndi ine sitinayikambepo mpaka lero, ndipo ine ndili ndi zaka 45.

Ndaganizira kwambiri chifukwa chimene kafoni kameneka kanatha zimene ife tinalephera. Ndikuona kuti ndi kuchepa kwake. Meseji imodzi imalola zilembo 160 zokha. Munthu wamanyazi ngati a Raimo ukamupatsa pepala lonse amachita mantha, ukamuimbira amangopumira m'khutu mwako, ukamuyang'ana m'maso amayang'ana nsapato. Koma mawu amodzi, opanda womuyang'ana, akhoza. Ndipo ana amenewa, ndi zopusa zawo zonse za "uli kuti, ndili m'basi", aphunzira chinthu chimene ife sitinaphunzitsidwe: kugogoda kwa mnzako kawirikawiri popanda nkhani, kuti tsiku limene nkhani idzakhalepo chitseko chidzakhale chozolowera kutseguka. Mwa mameseji 63 aja, 62 ndi mankhusu, ndikuvomera. Koma sindikudziwa njira yochotsera mankhusuwo n'kusiya njere imodziyo. Ndinayesa, ndipo mwamva mtengo wake.

Kwa abusa ndinapitako Lachiwiri lotsatira, pamodzi ndi Vilja. Anapepesa chifukwa cha bodza la foni yopanda khadi ndi kulowa mu ofesi, ndipo anapepesa ndi mtima wonse, chifukwa pamenepo analakwadi. Abusa anafunsanso kuti ankalembera ndani. Ndinayankha ine, kuti ndikudziwa, kuti chinsinsicho si changa ndipo si cha Vilja, ndiponso kuti ndikanakhala iye ndikanachita zomwezo, kungoti ine akanandigwira tsiku loyamba. Anatsegula buku lawo la masiku. Maphunziro amene anatsala akuwamaliza masana ku ofesi ya mpingo, awiriwiri ndi abusa, ndipo akuti amafunsa mafunso ovuta kuposa ana onse a ku msasa. Adzalimbitsidwa limodzi ndi anzake pa 17 Ogasiti, monga mmene zinalili poyamba. Choncho mpingo wamukhululukira osamva chifukwa. Otsala ndinu.

Mwina mukudabwa kuti chinsinsi chimene ndinakaniza abusa ndikuuziranji inu. Ndinawawerengera a Raimo kalata yanu pa foni, ndipo anati, "Muuzeni Veikko zonse. Iye akudziwa kulemera kwa munthu woledzera." Ndiye ndakuuzani ndi chilolezo chawo.

Nachi tsono chimene ndatsimikiza. Foni sindimulanda, kaya mpaka Khirisimasi kaya mpaka mawa. Malamulo alipo: patebulo siifika, m'kalasi imazima, m'tchalitchi imatsala m'galimoto. Amang'ung'udza koma akutsata. Kalata yopepesa sadzakulemberani, chifukwa inu sanakulakwireni. Amene anawalakwira anawapepesa kale pamaso. Ngati pali wina m'banja muno woyenera kulemba kalata yopepesa ndi dzanja lake papepala, ndi ine, ndipo ndinailemba, ili m'kope lofiira lija, pakati pa tsiku la 142 ndi tsiku loyamba.

Amayi musawaimbire za nkhaniyi. Ndikupita ndekha Lachiwiri, ndikawauze za a Raimo, za galimoto ya mu Januwale, ndi bodza langa. Ndikudziwa kuti akaimirira n'kuyamba kupukuta tebulo. Ndikawadikira amalize, kenako ndikapitiriza.

Pa 17 Ogasiti a Raimo adzakhalapo, pa benchi imodzi ndi ine, kaya nambala yawo idzakhala 36 kaya idzakhala 2. Abusa akadzaitana mboni za ubatizo kuti zibwere kuguwa, ana ena adzakhala ndi anthu awiri kapena atatu kumbuyo kwawo. Vilja anali ndi awiri, inu ndi malemu Aune, achemwali a a Raimo. Mwatsala nokha. Ndinamufunsa ngati tipemphe munthu wina kuti adzaime m'malo mwanu, mayi ake a Miisa anadzipereka kale, koma iye anakana. Anati malo a amalume ndi a amalume, akapanda kubwera pakhale popanda munthu, anthu aone. Ine ndagwirizana naye. Sindidzauza aliyense kuti mwatanganidwa kapena ndege yakusiyani. Wondifunsa ndidzamuuza kuti munaika mtengo ndipo ife tinakana kulipira.

Koma ndikufuna mubwere, achimwene. Chipinda chakumwamba ndachikonza kale, ndipo nsomba zouma ndi utsi zimene mumakonda zija ndauza kale a Tauno a kumsika kuti adzandisungire. Mukatsika ndege simudzafunika kunena chilichonse chokhudza kalatayi, ngati pakamwa padzakana. Mudzangobwera.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Doreen, ndi kwa mwana wanu Erik ndi mkazi wake, ndipo mukapsompsone kamdzukulu kanu kamene sindinakaonebe. Amayi akupereka moni, akuti mubweretse mankhwala opaka bondo aja. A Raimo akupereka moni, ndipo akuti akudziwa kuti mwina simungafune kuwapatsa dzanja, sadzakhumudwa. Vilja ali pakhonde pamene ndikulemba pano, miyendo ili pa mpanda, chala chili pa ntchito. Akudziwa kuti ndikulemberani, ndipo sanasangalale kuti ndaulula. Ndamufunsa pawindo ngati ali ndi mawu opita kwa amalume ake. Sanadzutse mutu. Anati, "Muwauze kuti dzanja lawo ndikulifuna, lawo lomwelo osati la wina. Koma sindiligula."

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Sinikka